Tisamaweruze ankhondo a m'magemu ndi nambala imodzi yokha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena angaione ngati yachibwana, koma imene imadya nthawi yochuluka ya achinyamata ndi akuluakulu omwe, amene amasewera magemu ankhondo a pa kompyuta monga Path of Exile ndi Diablo. Nyengo iliyonse ya magemu amenewa ikamatha, pa intaneti pamadzaza mavidiyo ndi nkhani zondandalika ankhondo amene anachita bwino ndi amene analephera, ndipo pafupifupi olemba onse amagwiritsa ntchito muyeso umodzi, womwe ndi kuchuluka kwa mphamvu imene wankhondoyo amavulaza nayo adani pa sekondi imodzi atavala zida zodula kwambiri. Ine ndikuona kuti muyeso umenewu umasocheretsa, chifukwa umaonetsa wankhondo pa tsiku lake lomaliza, pamene wosewera amakhala naye kuyambira tsiku loyamba ali chimanjamanja, ndipo zimene zimachitika pakati pa masiku awiriwo ndizo zoyenera kuunikidwa.

Kwa owerenga amene sanasewerepo, ndifotokoze pang'ono mmene zimakhalira. Path of Exile inatulutsidwa mu 2013 ndi kampani ya Grinding Gear Games ya ku Auckland m'dziko la New Zealand, ndipo imatsata njira imene Diablo II ya kampani ya Blizzard inalambula mu 2000: wosewera amayendetsa wankhondo mmodzi, amapha zilombo zankhaninkhani, amatola zida zimene zilombozo zagwetsa, n'kumakula mphamvu pang'onopang'ono. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, eni gemu amatsegula nyengo yatsopano, imene mu Path of Exile amaitcha ligi, ndipo aliyense wolowamo amayambira pansi wopanda chida kapena chuma chilichonse, pamene ankhondo a nyengo yathayo amasamutsidwira ku bwalo lokhazikika lotchedwa Standard. Diablo III inayamba kuchita chimodzimodzi mu 2014, ndipo Diablo IV inatsegula nyengo yake yoyamba mu Julayi 2023. Ligi ya Settlers of Kalguur, imene ndikufuna kutengapo zitsanzo, inayamba mu Julayi 2024 ndipo inatalika modabwitsa mpaka Juni 2025, popeza kampaniyo inatanganidwa ndi Path of Exile 2 imene inatsegulidwa kwa anthu mu Disembala 2024. Kutalika kumeneku kunakwiyitsa ambiri, komabe kunapereka mpata woona wankhondo aliyense kuyambira ku ubwana mpaka ku ukalamba wake.

Chimene osewera amachitcha build ndi kamangidwe konse ka wankhondo, kutanthauza mtundu wake, luso limene amamenyera nkhondo, zida zimene wavala ndi njira imene watsata pa mtengo wa maluso. Mu Path of Exile mitundu ya ankhondo ilipo isanu ndi iwiri, ndipo kuyambira mu 2016 mtundu uliwonse uli ndi nthambi zake zapadera zimene munthu amasankhapo imodzi akapambana mayeso a m'malo a m'gemumo otchedwa Labyrinth. Mtengo wa maluso uli ndi mfundo zopitirira 1,300, koma ngakhale wofika pa levulo 100, yomwe ndi yomaliza, amakhala ndi mapointi ongopitirira pang'ono 120 oti agawe, choncho chilichonse chimene watenga chimatanthauza kuti wasiya china. Maluso omenyera nkhondo ndi timiyala timene timaikidwa m'mabowo a zida, ndipo kamwala kamodzi kamakula mphamvu kakalumikizidwa ndi timiyala tina tothandizira, mpaka mabowo asanu ndi limodzi pa chovala cha pachifuwa kapena pa chida cha manja awiri.

Nambala imene olemba amaikonda ija imachokera ku pulogalamu yotchedwa Path of Building, imene osewera anadzipangira okha kuti aziwerengera mphamvu za wankhondo asanawononge chuma chawo. Pulogalamuyi ndi yabwino kwambiri, ndipo ndiyo imaphunzitsa munthu masamu a gemuyi. Mwachitsanzo, wankhondo amene mphamvu yake yoyambira ndi 100 ndipo wawonjezerapo kale 300 peresenti ya mtundu wolembedwa kuti increased amamenya ndi 400. Akawonjezera 40 peresenti ina ya mtundu womwewo amangofika pa 440, koma akapeza 40 peresenti ya mtundu wolembedwa kuti more amafika pa 560, chifukwa woyambawo umaphatikizidwa pamene wachiwiriwo umachulukitsa. Vuto lili pa timabokosi timene munthu amachonga mu pulogalamuyo. Angathe kuiuza kuti mdani wagwidwa kale ndi mphezi, mabotolo onse a mankhwala akugwira ntchito, mivi yonse ikugwera pa chilombo chimodzi, ndipo wankhondoyo waima chilili akumenya osasuntha. Zonsezi zikachongedwa nambala imakwera mpaka mamiliyoni, koma pamaso pa chimphona chenicheni munthu amathera nthawi yambiri akuthawa ndi kuzinda, mabotolo amauma, ndipo mphamvu imene imafikadi pa mdani imakhala kachigawo chabe ka imene inalembedwa ija. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Wankhondo woyamba amene ndinamanga mu ligi ya Settlers of Kalguur anali wa nthambi yotchedwa Chieftain, wogwiritsa ntchito luso la Righteous Fire, ndipo pa mndandanda wa manambala ameneyu amakhala pansi ndithu. Lusoli limayatsa moto wozungulira wankhondo, umene umawotcha chilombo chilichonse choyandikira, koma umawotchanso mwini wake ndi mphamvu yofanana ndi 90 peresenti ya moyo wake pa sekondi iliyonse. Motowo suthana naye wokha, chifukwa umazima moyo ukatsala umodzi, koma munthu wotsala ndi moyo umodzi pakati pa zilombo ndi wakufa kale. Ntchito yonse ya kamangidwe kameneka ndi kuchititsa kuti moyo uzibwerera mofulumira kuposa mmene ukupsera, ndipo apa ndi pamene masamu a chitetezo amaonekera bwino. Chitetezo ku moto, ku kuzizira ndi ku mphezi chimalekezera pa 75 peresenti kwa wankhondo wamba, ndipo pa mlingo umenewo motowo umadya 22.5 peresenti ya moyo pa sekondi. Munthu akakweza malirewo kufika pa 90 peresenti, pomwe gemu simalolanso kupitirira, motowo umangodya 9 peresenti. Woona manambala 75 ndi 90 angaganize kuti kusiyana kwake n'kochepa, chonsecho amene ali pa 75 amalandira magawo 25 a nkhonya iliyonse ya moto pamene mnzake amalandira magawo 10 okha.

Chieftain amayenerana ndi luso limeneli chifukwa nthambi yake ili ndi mfundo imene imachititsa kuti malire a chitetezo ku moto akakwera, a kuzizira ndi a mphezi akwerenso limodzi, komanso ina imene nthawi zina imaphulitsa chilombo chimene chafa, kuphulikako n'kusesa gulu lonse lozungulira. Zotsatira zake n'zakuti zida zake zoyambira ndi zotsika mtengo, popeza amangofuna moyo wochuluka, kubwerera kwa moyo ndi chitetezo ku moto, ndipo zinthu zoterezi zimagwa tsiku lililonse. Kasewerede kake n'kofatsa: munthu amayatsa moto kamodzi polowa m'mapu, omwe ndi mabwalo ankhondo amene wosewera amalowamo akamaliza nkhani ya gemuyi, kenako amangothamanga ndi chishango pakati pa zilombo, izo n'kumagwa zokha. Amene sanasewerepo kwa maola angapo motsatizana sangamvetse kufunika kwa zimenezi, koma dzanja limene likudina mabatani asanu ndi limodzi mosalekeza limatopa ndi kuwawa, ndipo wolemba woona mtima ayenera kunena kuti wankhondo wakutiwakuti amafuna zala zingati.

Zofooka zake nazonso sizibisika. Pamaso pa chimphona chimodzi chokhala ndi moyo wambiri, moto wozungulira uja umachedwa kwambiri, moti munthu amafunika kuponyanso misampha ya Fire Trap pansi pa mapazi a mdaniyo, ndipo ngakhale atatero nkhondo imene ena amaimaliza m'kanthawi kochepa iye amalimbana nayo kwa mphindi zingapo. Mapu amene alembedwa kuti osewera moyo wawo subwerera sangalowemo n'komwe, ndipo amayenera kuwasintha kaye asanawatsegule. Pa nkhondo ya Maven, chimodzi mwa zimphona zomaliza, pali malawi ozungulira amene akakukhudza amaletsa moyo kubwerera kwa kanthawi, ndipo kwa wankhondo amene akudziwotcha yekha zimenezi n'zoopsa kuposa kwa wina aliyense. Komabe ndikaika zonse pa sikelo, ameneyu ndiye anandifikitsa patali ndi chuma chochepa, ndipo ndiye anapeza chuma chimene ndinamangira anzake awiri.

Wachiwiri anali Deadeye wa uta, wogwiritsa ntchito luso la Lightning Arrow, amene amaoneka mokongola zedi m'mavidiyo. Muvi uliwonse ukagunda chilombo umagawira mphezi kwa zilombo zina zoyandikana nacho, ndipo nthambi ya Deadeye imawonjezera mivi, imailola kudumpha kuchoka pa mdani wina kupita pa wina, komanso imapatsa wankhondo liwiro. Chilichonse chooneka pa sikirini chimafa chisanayandikire, nthawi zina ngakhale chisanaoneke. Mu ligi ya Settlers of Kalguur liwiro limeneli linali ndi phindu lenileni, chifukwa osewera ankamanga mudzi wa Kingsmarch, kulemba antchito okumba miyala ndi olima, ndi kutumiza zombo zamalonda, ndipo zonsezi zinkalipiridwa ndi golide amene sagulidwa kwa wosewera wina koma amangotoledwa popha zilombo. Womaliza mapu ambiri pa ola limodzi ndiye ankalipira antchito ake mosavuta.

Chimene mavidiyo aja sanena n'chakuti mphamvu yonse ya wankhondo ameneyu ili mu uta wake, ndipo uta wabwino umafunidwa ndi anthu masauzande nthawi imodzi, choncho mtengo wake umakwera kumayambiriro kwa ligi pamene aliyense ali wosauka. Ndi uta wapakatikati, mapu oyambirira amayenda bwino, koma munthu akafika ku mapu ofiira, a mlingo 11 mpaka 16, zilombo zolimba zimayamba kupirira mivi yoyamba, ndipo chilombo chimene chapirira chimabwezera. Deadeye amadalira kuzinda, ndipo kuzinda kumathandiza pa mikondo, mivi ndi nkhonya, koma sikuletsa matsenga, komanso nkhonya imodzi ikapyola imapeza munthu wa moyo wochepa. Apa ndi pamene chilango cha imfa chimalowera m'nkhaniyi. Munthu akamaliza zigawo khumi za nkhani ya gemuyi, imfa iliyonse imamulanda 10 peresenti ya mapointi okwerera levulo yotsatira, ndipo kupitirira levulo 90 gawo limeneli ndi ntchito ya nthawi yaitali. Mapu alionse amatsegula makomo asanu ndi limodzi okha, moti wofa kasanu ndi kamodzi amataya mapuwo pamodzi ndi zonse zotsalamo. Wankhondo wothamanga kawiri kuposa mnzake koma womafa kawirikawiri angathe kulemera ndithu, koma levulo yake imaima malo amodzi, ndipo wolemba amene watchula liwiro osatchula imfa wanena theka la nkhani.

Ndiwonjezere pano kuti kamangidwe kodzaza sikirini ndi mivi ndi mphezi kamalemetsanso kompyuta, ndipo intaneti ikangodukiza kwa kamphindi wankhondo wosalimba amapezeka atagona. Olemba ambiri amasewera pa makina amphamvu ndipo zimenezi saziona, koma si owerenga awo onse amene ali ndi makina otero.

Wachitatu anali Juggernaut wa luso la Boneshatter, womenya ndi nkhwangwa ya manja awiri, ndipo ndinamusankha chifukwa ligi imeneyi ndiyo inasintha kwambiri ankhondo omenya pafupi. Kwa zaka zambiri ankhondo oterewa ankakakamizika kudzala mafano a Ancestral Protector ndi Ancestral Warchief pambali pawo kuti apeze mphamvu zokwanira, ntchito yotopetsa imene pafupifupi aliyense ankadandaula nayo. Mu Julayi 2024 eni gemu anachotsa mafanowo n'kuwonjezera mphamvu pa maluso enieniwo. Boneshatter ndi luso lachilendo, chifukwa nkhonya iliyonse imene wankhondo waponya imamusiyira bala limene limawonjezera mphamvu ya nkhonya yotsatira komanso limamuvulaza iye mwini, ndipo mabalawo akamaunjikana zonse ziwiri zimakula limodzi. Mdani akachita chizungulire ndi nkhonyayo, pamatuluka funde limene limagwetsa anzake omuzungulira. Juggernaut amapirira zimenezi chifukwa zovala zake zachitsulo zimachepetsa kuvulalako, ndipo nthambi yake imasandutsa gawo la zimene zatchingidwazo kukhala moyo wobwerera.

Wankhondo ameneyu ndiye amaonetsa bwino chifukwa chake nambala ya chitetezo nayonso siyenera kukhulupiriridwa yokha. Zovala zachitsulo mu gemuyi zimatchinga kwambiri nkhonya zing'onozing'ono koma zimafooka pa nkhonya yaikulu. Wankhondo amene chitsulo chake ndi 10,000 amatchinga 80 peresenti ya nkhonya ya mphamvu 500, koma pa nkhonya ya mphamvu 5,000 amangotchinga pafupifupi 29 peresenti. N'chifukwa chake Juggernaut angathe kuima pakati pa gulu la zilombo ngati thanthwe, kenako n'kugwa kamodzi n'kamodzi chimphona ngati Shaper chikamenya pansi. Ndiponso popeza mphamvu ya Boneshatter imadalira mabala ounjikana, chimphona chimene chimasowa kwa kanthawi kapena kuthawira kutali chimachititsa kuti mabalawo athe, munthu n'kuyambiranso pansi. M'mapu ndinasangalala naye kuposa onse, chifukwa nkhonya yake imamveka kulemera ndipo phokoso la mafupa osweka limakhutiritsa, koma pa zimphona zomaliza ndinaona kuti mphamvu yake yolembedwa ndi mphamvu yake yeniyeni zinatalikirana kwambiri.

Tsono funso limene wolemba aliyense ayenera kuyankha, ndipo ambiri amalidumpha, ndi lakuti kamangidweko kamayamba kugwira ntchito liti, ndipo pa mtengo wanji. Gemuyi ili ndi malo odziwika amene ankhondo ofooka amagwerapo. Munthu akalimbana ndi chimphona chotchedwa Kitava kumapeto kwa chigawo chachisanu, chitetezo chake ku moto, ku kuzizira ndi ku mphezi chimatsika ndi 30 peresenti, ndipo akamaliza chigawo chakhumi chimatsikanso ndi 30 ina, moti amalowa m'mapu ali ndi ngongole ya 60 peresenti imene ayenera kuibweza ndi mphete, lamba, nsapato ndi chisoti. Kamangidwe kamene kamafuna zida zapadera zambiri kamasiya malo ochepa obwezera ngongoleyi. Palinso nkhani ya mabowo asanu ndi limodzi olumikizana, amene pa benchi yosulira zida amagulidwa ndi timiyala tosulira zida totchedwa Orb of Fusing tokwana 1,500, chuma chimene wongoyamba kumene sangachione msanga. Ena amathawira ku chovala chotchedwa Tabula Rasa, chimene chimabwera ndi mabowo onse olumikizana kale koma chilibe chitetezo ngakhale pang'ono. Ngati kamangidwe kena kamasangalatsa pokhapokha mwini wake atavala lamba wa Mageblood kapena Headhunter, zida zimene osewera ambiri amamaliza ligi osazigwirako, wolemba anene poyera kuti ameneyu ndi wankhondo wachiwiri kapena wachitatu wa munthu wolemera kale.

Mitengo nayonso siikhala malo amodzi, choncho kunena kuti wankhondo uyu ndi wotsika mtengo popanda kutchula sabata ya ligi n'kosathandiza. Chuma cha mu Path of Exile ndi timiyala tosulira zida, makamaka Chaos Orb pa malonda ang'onoang'ono ndi Divine Orb pa akuluakulu, ndipo ngakhale dongosolo limeneli linasinthapo: mpaka mu Ogasiti 2022 ndalama yaikulu inali Exalted Orb, koma ligi ya Lake of Kalandra itasintha ntchito za timiyala tiwiriti, amene anasunga ma Exalted anadzuka ali osauka. Mu Settlers of Kalguur munabwera msika wosinthira ndalama woyendetsedwa ndi munthu wa m'gemumo wotchedwa Faustus, umene unapeputsa malonda kwambiri, koma zida zovala zinkagulidwabe kwa munthu mnzako. Ndipo pali chinthu china chimene olemba otchuka amachititsa okha mosafuna. Akangotamanda kamangidwe kena, anthu ambirimbiri amathamangira zida zomwezo, mtengo umakwera, ndipo chimene chinali chotsika mtengo pa tsiku lojambula vidiyo chimakhala chodula pa tsiku loionera. Masamba owerengera ankhondo monga poe.ninja amaonetsa kuti ndi maluso ati amene ali ndi anthu ambiri, koma kuchuluka kwa anthu kumangosonyeza zimene zinatamandidwa, ndipo luso lina labwino limakhala pansi pa mndandanda chifukwa palibe wotchuka amene analigwira.

N'kofunikanso kuti wolemba anene bwalo limene anasewera. Kuyambira mu 2017 gemuyi ili ndi njira yotchedwa Solo Self-Found, mmene munthu sagula kapena kugulitsa kanthu ndipo amavala zokhazo zimene watola kapena kusula yekha, komanso kuyambira kale ili ndi Hardcore, mmene wankhondo akafa kamodzi amachotsedwa mu ligi. Deadeye uja, amene pa msika angagule uta wake, mu Solo Self-Found angadikire nthawi yaitali osaupeza, ndipo mu Hardcore ulendo wake ungathere pa mapu ofiira oyamba. Chieftain ndi Juggernaut amakwera pa mndandanda m'mabwalo amenewa pa zifukwa zomwezo zimene zimawatsitsa pa mndandanda wa manambala.

Chomaliza chimene ndikufuna olemba azisiyanitsa ndi mphamvu ya kamangidwe kenikeniko ndi mphamvu imene kabwereka ku nyengoyo. Diablo IV ili ndi zitsanzo zoonekeratu. Mu Julayi 2023, masiku ochepa nyengo yoyamba isanatsegulidwe, Blizzard inatsitsa mphamvu ndi chitetezo cha ankhondo pafupifupi onse nthawi imodzi, osewera anakwiya kwambiri, ndipo akuluakulu a gemuyo anachita kuonekera pa vidiyo kuvomereza kuti sanachite bwino. Malangizo onse amene analembedwa mwezi wa Juni anasanduka achabechabe usiku umodzi. Mu Okutobala 2024, pamene mtundu watsopano wa Spiritborn unabwera ndi gawo lowonjezera la gemuyo lotchedwa Vessel of Hatred, zolakwika za m'kawerengedwe ka gemuyo zinachititsa kuti mtunduwu uzimenya mopitirira kutali mitundu ina yonse, ndipo zambiri mwa zolakwikazo zinasiyidwa mpaka nyengoyo itatha. Amene analemba kuti Spiritborn ndiye wankhondo wabwino koposa sananame, koma amene anawerenga nkhaniyo nyengo yotsatira anapeza zinthu zitasintha. Chimodzimodzi mu Path of Exile, mapu a mlingo 17 atabwera mu Malichi 2024, ankhondo ambiri amene ankatchedwa olimba anaoneka kuti sanali olimba mokwanira. Nkhani younika wankhondo imene ilibe deti ndi nambala ya kusintha kwa gemu imakhala msampha kwa woiwerenga mochedwa.

Ndikudziwa kuti ena adzati munthu aliyense ali ndi ufulu wosewera mmene akufunira, ndipo kwa ena chisangalalo chonse chili pa kuona nambala ikukwera mpaka chimphona chigwe chisanatsegule pakamwa. Zimenezo sindikutsutsa, ndipo sindikunena kuti ojambula mavidiyo ndi onyenga, pakuti ambiri a iwo amaidziwa gemuyi kuposa ine ndipo amagawa nzeru zawo kwaulere. Koma iwo amasewera tsiku lonse chifukwa ndiyo ntchito yawo, amadziwa kusula zida zimene ena amachita kugula, ndipo zimene iwo amazitcha chuma chochepa ndi zimene munthu wosewera madzulo akaweruka ku ntchito kapena ku sukulu angazipeze ligi ili pafupi kutha. Woonera akatsata malangizo awo n'kukanika pa mapu ofiira, amaganiza kuti vuto ndi iyeyo, ndipo ambiri amasiyira pomwepo. Kubweza mapointi a pa mtengo wa maluso n'kotheka, kuyambira kale ndi kamwala ka Orb of Regret ndipo kuyambira ligi ya Settlers of Kalguur ndi golide yemwe, koma mtundu wa wankhondo susinthika, moti wosankha molakwika amayenera kudutsanso zigawo khumi zija kuyambira pa gombe pomwe nkhani imayambira.

Mwa ankhondo anga atatu, amene ndingalangize munthu watsopano kapena wa nthawi yochepa ndi Chieftain, ngakhale kuti pa pepala ndiye wofooka koposa. Juggernaut ndingamupereke kwa wokonda kumva kulemera kwa nkhonya amene sasamala zogwetsa zimphona zomaliza. Ndipo Deadeye ndingati amangidwe pambuyo, chuma cha uta chitapezeka kale. Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mukamapereka malo m'nyuzipepala yanu ku nkhani za magemu amenewa, muziwafunsa olemba anu kuti atchule ligi ndi deti, bwalo limene anasewera, chuma chimene anali nacho polowa m'mapu ofiira, zinthu zimene zinkapha wankhondo wawo kawirikawiri, ndi mapu amene ankawapewa. Akafuna kulembanso nambala ya mu Path of Building alembe, koma atiuzenso timabokosi timene anachonga kuti aipeze.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda magemu a pa kompyuta